Kulondola Njira ya HMS Campbeltown, Kuchokera ku Plymouth Mpaka ku Saint-Nazaire

Lolemba, Plymouth

Tafika ku Plymouth masana, kamvula kakuwaza. Ndili ndi alamu anga, amene adagwirapo usilikali kuno ku Britain asanayambe kuyendetsa malole. Tikulondola njira ya HMS Campbeltown, sitima yankhondo ya mtundu wa destroyer yomwe Angerezi adaiphulitsa dala ku France mu Malichi 1942. Tayambira kuno chifukwa ndi kumene adaikonzera ulendo wake womaliza.

Ku Devonport, kudoko la asilikali apamadzi, munthu wamba salowa. Alamu anadziwa chochita: tinakwera pantoni ya ku Torpoint, yomwe imawoloka mtsinje wa Tamar ikudzikoka ndi matcheni, ndipo oyenda pansi salipira. Ukaima pamwamba pake umaona doko lonse, sitima zotuwa zitandandalika m'mbali mwa khoma. Tinawoloka n'kubwereranso, maso ali komweko.

Campbeltown siidali yakuno. Idapangidwa ku Bath, m'chigawo cha Maine ku America, ndipo idatsitsidwira m'madzi mu Januwale 1919, nkhondo yomwe adaipangira itatha kale. Dzina lake lidali USS Buchanan. Zaka zambiri idangokhala itamangiriridwa ku San Diego pamodzi ndi zinzake. Mu 1940, France itagwa, Angerezi adali atataya ma destroyer ambiri ku Norway ndi ku Dunkirk, kwinaku sitima za Ajeremani zoyenda pansi pa madzi zikumiza zombo zobweretsa chakudya ndi mafuta. Churchill, nduna yaikulu ya Britain, adadandaulira Roosevelt, pulezidenti wa America, ndipo mu Sepitembala adagwirizana zosinthana: America ipereke ma destroyer akale 50, Britain ipereke malo omangapo misasa ya asilikali kwa zaka 99 ku Jamaica, Trinidad, Antigua, St Lucia ndi kwina. Amene mudaphunzirako mbiri ya atsamunda simungadabwe kumva nthaka ya eni ake ikugawidwa ndi anthu okhala ku London ndi ku Washington.

Pa 9 Sepitembala 1940, ku Halifax m'dziko la Canada, Buchanan idasanduka Campbeltown. Amalinyero a Chingerezi sadazikonde sitima zimenezi. Zidali zazitali koma zoonda. Iyi idali mamita 96 m'litali, pafupifupi Ilala ziwiri mutazilumikiza, koma mamita 9 okha m'lifupi, motero pamafunde a Atlantic inkapendama uku ndi uku mochititsa nseru, ndipo kuti ikhote inkafuna malo aakulu. Miyezi yoyambirira idawombana kawiri ndi sitima zina n'kuthera nthawi yambiri kwa amisiri. Mu 1941 adaibwereka amalinyero a ku Netherlands, amene dziko lawo lidali m'manja mwa adani. Itabwerera kwa Angerezi idaperekeza zombo zamalonda, idavuula anthu a sitima yamafuta ya ku Norway yotchedwa Vinga, ndipo mu Januwale 1942 idagwetsa ndege ya Ajeremani. Ntchito yake yonse idali yomweyi, ndipo ikadamira pamenepa bwenzi lero palibe woitchula.

Chidasintha zinthu ndi Tirpitz, chisitima chachikulu cha Ajeremani chomwe chidali ku Norway. Angerezi ankaopa kuti chikatulukira pa Atlantic chidzasesa zombo zawo. Koma chisitima chotere chikavulala chimafuna chidziwe chokonzeramo, chija amalowetsamo sitima, n'kutseka chipata, n'kupopa madzi onse kuti amisiri agwire ntchito pouma. Gombe lonse la Atlantic lomwe Ajeremani ankalamulira lidali ndi chidziwe chimodzi chokha chokwana Tirpitz, cha ku Saint-Nazaire. Nayo Bismarck, inzake ya Tirpitz, inkathamangira komweko pomwe idamizidwa mu Meyi 1941. Ofesi ya Lord Louis Mountbatten idaganiza zokaphwanya chipata cha chidziwecho. Pankafunika sitima yoti itayike, ndipo akuluakulu a asilikali apamadzi sakadapereka yatsopano.

Kuyambira pa 10 Malichi 1942, amisiri a pa Devonport adaisintha m'masiku ochepa chabe. Pa machumuni ake anayi adazulapo awiri, otsalawo n'kuwadula mopendeketsa kuti usiku izioneka ngati sitima ya Ajeremani. Adachotsa mizinga ikuluikulu, matopido ndi chilichonse cholemera kuti ipepuke, izitha kudutsa posaya. Adaika mzinga umodzi waung'ono kutsogolo, mfuti 8 za Oerlikon, ndi zitsulo zotchinga woyendetsa. M'kati, cha kutsogolo, adabisamo mabomba 24 aja amaponyera sitima zapansi pa madzi, onga wokwana matani 4.5, n'kuwakwirira ndi konkire. Mwini ntchito imeneyi adali Lieutenant Nigel Tibbits, ndipo mutu udamukula powerengera malo ake: mabombawo akakhala kutsogolo kwambiri aphwanyika pogunda, akakhala kumbuyo kwambiri aphulikira kutali ndi chipata.

Madzulo tinakwera pa Hoe, chitunda choyang'ana kunyanja, pomwe pali chipilala cha amalinyero oposa 23,000 a nkhondo ziwiri zija amene alibe manda. Alamu anavula chipewa n'kuyamba kuwerenga mayina. Ine mphepo inandithamangitsa kukafuna tiyi.

Lachiwiri, Falmouth

Sitima yapamtunda yatitula pa Truro, pomwe tinasinthira kasitima kakang'ono kotsikira ku Falmouth. Tauni yake ndi yaing'ono, misewu yopapatiza, koma doko lake ndi lakuya mwachilengedwe, ndipo pakhomo pake pali linga la Pendennis lomwe adamangitsa mfumu Henry VIII. Mwala wachikumbutso uli pa Prince of Wales Pier, pakati pa anthu odikira maboti opita ku St Mawes. Ambiri amangoudutsa, akuteteza ma pasty awo ku mbalame zam'nyanja zomwe kuno zimalanda chakudya m'manja mopanda manyazi.

Gulu lonse lidasonkhana kuno: amuna 611, mwa iwo amalinyero 346 otsogozedwa ndi Commander Robert Ryder, ndi makomando 265 a Lieutenant Colonel Charles Newman. Kaputeni wa Campbeltown adali Lieutenant Commander Stephen Beattie, wa zaka 33. Pofuna kusokoneza akazitape, adafalitsa mphekesera zoti gululi likupita kumayiko otentha, mpaka kubweretsa zovala za m'chilimwe poyera. Newman atawafotokozera anyamata ake zenizeni, adati wofuna kutsala atsale, palibe amunyoze. Palibe adatsala.

Titakhala pabenchi, alamu anandilozera maboti a matabwa omwe ankayandama pafupi.

"Alamu, anthu amangoti Campbeltown, Campbeltown. Imfa idali m'maboti," anatero.

Ndipo akunena zoona. Okonza ulendowu poyamba adafuna ma destroyer awiri, ina yogunda chipata, ina yobwerera ndi anthu. Akuluakulu adakana kupereka yachiwiri. M'malo mwake adapereka maboti 16 a mtundu wa Fairmile, aatali mamita 34, opangidwa ndi matabwa, oyendera petulo. Popeza ulendo udali wautali, adawamangirira matanki ena a petulo pamwamba penipeni, poyera. Maboti amenewa ndiwo adayenera kunyamula makomando ambiri popita, ndi aliyense pobwerera, kudutsa pakati pa mizinga yomwe idazinga mtsinje mbali zonse ziwiri. Padalinso boti lamfuti MGB 314, momwe Ryder ndi Newman adakwera polowa mumtsinje, ndi boti lamatopido MTB 74. Ine kuona kwanga, sitima yakale ija adaiganizira mwaluso kwambiri kuposa momwe adaganizira njira yobwerera ya anthu ake.

Masana tinakwera chitunda kupita kumanda a tauni, pamwamba pa Swanpool, kukaona chiliza cha Able Seaman William Savage wa ku Smethwick. Iyeyu ankaomba mzinga wa kutsogolo kwa MGB 314, pamalo opanda chotchinga chilichonse, kuyambira polowa mpaka potuluka, ndipo adaphedwa boti lili m'njira yotuluka mumtsinje. Anzake adabwera nalo thupi lake, n'chifukwa chake iye ali ndi manda kwawo. Adamupatsa Victoria Cross, nyota yapamwamba kuposa zonse kwa Angerezi, atamwalira. Mwa maboti onse omwe adalowa mumtsinje usiku uja, atatu okha ndiwo adafika kuno ku Falmouth akuyenda okha.

Tabwerera ku Plymouth kukakwera sitima yausiku. Achimwene amene mukuganiza zotsatira ulendowu ndi pasipoti ya kwathu, yambani ndi viza ya Schengen, ndipo muyambe msanga.

Lachitatu, panyanja ndi m'sitima za ku France

Tagona m'sitima yochoka ku Millbay kupita ku Roscoff. Nyanja inali yofatsa, ndipo alamu anayamba mkonono tisanataye n'komwe magetsi a Plymouth.

Iwo aja adanyamuka ku Falmouth pa 26 Malichi nthawi ya 2 koloko masana, ataperekezedwa ndi ma destroyer awiri, Atherstone ndi Tynedale. Sadalunjike ku France. Adalowera kutali kum'mwera, ngati gulu losaka adani pa Bay of Biscay. M'mawa wa pa 27 adakumana ndi U-593, sitima ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi. Tynedale idaiwombera, iyo n'kumira kukabisala, ndipo pomwe idatumiza uthenga kwawo idati Angereziwo alowera kumadzulo. Uthenga wolakwikawo udawathandiza kwambiri. Usiku, cha m'ma 10 koloko, adaona kanyali ka HMS Sturgeon, sitima yawo yapansi pa madzi yomwe idatsogola kukaima ngati cholozera njira kunja kwa mtsinje wa Loire. Operekeza aja adatsalira pomwepo kudikira. Campbeltown idakweza mbendera ya Germany n'kulowera kugombe.

Ife kuchoka ku Roscoff takwera basi mpaka Morlaix, sitima mpaka Rennes, ina mpaka Saint-Nazaire. Tsiku lonse latha ndi kusinthasintha. Tafika kutada, tadya galette, chikondamoyo chopyapyala chakuda chomwe amaikamo dzira ndi tchizi. Alamu anadya ziwiri n'kufunsa ngati chakudya chenicheni chikubwera.

Lachinayi, Saint-Nazaire

Malo abwino oonera chidziwe chija ndi padenga la chinyumba cha konkire chomwe Ajeremani adamanga pakhomo la doko, momwe lero muli Espadon, sitima ya ku France yapansi pa madzi yomwe alendo amalowamo. Tinakwera m'mamawa. Chidziwecho, chomwe eni ake amachitcha Forme Joubert, n'chotalika mamita 350, m'lifupi mamita 50. Adachikumba chifukwa cha Normandie, sitima yonyamula anthu yomwe idatsitsidwira m'madzi kuno mu 1932, ndipo chikugwirabe ntchito. Kuseri kwake kuli Chantiers de l'Atlantique, kumene adapangira Queen Mary 2. Chipata chomwe Campbeltown idagunda chidali chibokosi chachitsulo chokhuthala mamita 11, choyenda chammbali pamawilo.

Ukayang'ana kumunsi kwa mtsinje ndi pomwe umamvetsa. Loire pothira m'nyanja ndi wotambalala kwambiri, koma njira yakuya idali imodzi, yotsata gombe la kumpoto, pansi penipeni pa mizinga. Pakati ponse ndi mchenga ndi matope, ndipo Ajeremani sadayembekezere kuti sitima yaikulu ingadzere pamenepo. Angerezi adasankha usiku womwe madzi a m'nyanja amakwera kwambiri kumapeto kwa Malichi. Ngakhale choncho, Campbeltown idakhula pansi kawiri, liwiro n'kutsika, anthu m'kati atagwira mpweya, koma idapulumuka.

Ndege za Angerezi zidabwera cha m'ma 11:30 usiku kuti adani aziyang'ana kumwamba. Oyendetsa adalamulidwa kuti asaponye bomba asanaone bwino chomwe akuponyera, kuopa kupha anthu wamba a ku France, ndipo usikuwo kudali mitambo. Zidangozungulirazungulira n'kubwerera. Mkulu wa mizinga yowombera ndege, Karl-Conrad Mecke, adaona kuti pali china chake, n'kulamula anthu ake akhale tcheru. Thandizo lija lidangodzutsa ogona.

Pa 1:22 magetsi amphamvu adayaka mbali zonse, gulu lonse n'kuonekera poyera. Mnyamata wazizindikiro, Seymour Pike, adayankha ndi nyali m'Chijeremani, pogwiritsa ntchito zizindikiro zomwe Angerezi adalanda kwa adaniwo, kuti iwo si adani ndipo akulowa padoko. Ajeremani adakayika, kuwombera n'kuleka, kuyambanso n'kulekanso. Bodzalo lidagula mphindi zochepa, koma mphindi iliyonse sitima inkayandikira. Pa 1:28 bodza lidatha ntchito. Beattie adatsitsa mbendera ya Germany, n'kukweza yawo, n'kulamula liwiro lonse.

Mizinga yonse idalunjika pa Campbeltown. Wogwira chiwongolero adalasidwa, wolowa m'malo mwake chimodzimodzi, kenako Tibbits, yemwe uja wamabomba, adachigwira yekha. Magetsi adamuthobwa m'maso Beattie moti adatsala pang'ono kulunjika pakhoma lolakwika, koma adazindikira n'kukhotetsa. Sitima idadula ukonde wotchinga matopido, ndipo pa 1:34, ikuthamanga pafupifupi makilomita 35 pa ola, idagunda pakati pa chipata. Mphuno yake idafwanyika mamita 10 n'kukwera pamwamba pa chitsulocho, mabomba aja n'kukhala pamalo enieni omwe Tibbits adawerengera. Adachedwa ndi mphindi zinayi zokha pa nthawi yomwe adapangana ku England. Amalinyero adatsegula mipope kuti kumbuyo kwa sitima kumire, adani asathe kuikoka.

Makomando adatsika ndi makwerero, ena atavala masiketi aja a ku Scotland. Lieutenant Stuart Chant, atavulala kale mwendo, adatsogolera anzake kutsika masitepe mamita 12 mumdima kukafika pamapampu opopa madzi a m'chidziwe. Adatchera mabomba oti aphulike pakatha masekondi 90, ndipo iye adakwera akutsimphina, atagwira lamba wa mnzake. Ena adaphulitsa nyumba za makina okoka zipata. Theka la ola lisanathe, ntchito yomwe Campbeltown idabwerera idali itagwirika.

Kuchoka padenga paja tinayenda kupita ku Vieux Môle, kakhoma kamiyala kolowa mumtsinje, kokhala ndi kansanja ka nyali kumapeto. Lero pamakhala owedza ndi mbedza. Apa ndi pomwe maboti aja adayenera kutsitsa makomando ena ndi kudzatenga onse pobwerera. Boti limodzi lokha ndilo lidatsitsa anthu ake pano. Ena adalasidwa asanafike, matanki a petulo aja n'kuyaka, moto n'kufalikira pamwamba pa madzi pomwe anthu ankasambira. Alamu anaima nthawi yaitali akuyeza ndi maso mtunda wochoka pakhomapo kufika pomwe padali mizinga. "Apa ngakhale mwana wongolowa kumene usilikali sangaphonye," anatero.

Amalinyero ambiri a Campbeltown adakwera boti la ML 177, pamodzi ndi Beattie ndi Tibbits. Lidathamanga ndithu kulowera kunyanja, koma mizinga ya pagombe idalipeza n'kuliyatsa. Tibbits adafera pomwepo, osaona ngati mabomba ake aphulika. Beattie adakhala m'madzi ozizira mpaka kutacha, pomwe Ajeremani adamuvuula.

Kumtunda, Newman adasonkhanitsa anthu pafupifupi 100, ambiri ovulala, n'kuona kuti mtsinje wonse ukuyaka ndipo palibe wodzawatenga. Adawauza kuti aliyense ayesetse kubwerera kwawo kudzera pamtunda, ndipo asagonje zipolopolo zisanathe. Adathamanga kuwoloka mlatho wachitsulo wolowera m'tauni zipolopolo zikuwavumbwa, n'kubalalika m'misewu ndi m'zipinda zapansi. Pofika m'mawa ambiri adali atagwidwa. Asanu adazemba, ndipo mothandizidwa ndi anthu a ku France adakafika ku Spain mpaka ku Gibraltar.

Lachisanu, Saint-Nazaire

Kutacha pa 28 Malichi, Campbeltown idali chikhalire pachipata, osaphulika. Nthawi yomwe adaitchera idali itadutsa. Akuluakulu a Ajeremani adakweramo kukaiyendera, asilikali ena kudzatola zikumbutso, ena kungoonerera. Akaidi a Chingerezi omwe ankawadutsitsa pafupi ankadziwa chomwe chili m'katimo, koma palibe adatsegula pakamwa kapena kuonetsa mantha. Beattie, atafunda bulangete, ankafunsidwa mafunso, ndipo womufunsayo adali akumuuza kuti chipatacho achikonza posachedwa pomwe mawindo adagwedezeka. Dzuwa lidali litakwera ndithu. Chipata chidachoka, madzi adakhamukira m'chidziwe n'kukankha sitima ziwiri zamafuta zomwe zidali m'katimo, ndipo Ajeremani mazana angapo adafa nthawi imodzi. Chotsala cha Campbeltown chidakokoledwa mpaka pakati pa chidziwe. Tsiku lotsatira Beattie adakwanitsa zaka 34 ali mkaidi.

Mzinga wake wa kutsogolo uja adaupeza m'madzi patapita zaka zambiri, ndipo lero adauimika poyera kuno. Ndi waung'ono kuposa momwe ndinkaganizira. Chipilala cha makomando chili m'mbali mwa gombe, pa Place du Commando, pomwe pamakhala mwambo chaka chilichonse mwezi wa Malichi.

Nkhani yomwe ku England saikamba kawirikawiri ndi ya eni tauni. Pa 30 Malichi matopido omwe MTB 74 idasiya pachipata chakale adaphulika. Ajeremani, mitima ili kale m'mwamba, adayesa kuti makomando akadali m'tauni, n'kuyamba kuwombera chilichonse choyenda, ngakhale antchito awo omwe ovala makaki. Anthu wamba 16 a ku France adaphedwa, ndipo pafupifupi 1,500 adagwidwa n'kutsekeredwa. Mavuto awo sadathere pomwepo. Pakati pa doko pali chinyumba chomwe Ajeremani ankasungiramo sitima zapansi pa madzi, zipinda 14, mamita 300 m'litali, denga lokhuthala mamita 8. Talowamo lero; muli malo oonetsera mbiri ya sitima zonyamula anthu, ndipo ukayankhula mawu amabwerera. Mabomba a Angerezi ndi Amereka adalephera kuliboola dengali. Pa 9 Novembala 1942 adagwera pasukulu ya amisiri a sitima n'kupha anyamata ophunzira ntchito oposa 130. Mu 1943 adasankha kungowotcha tauni yonse yozungulira, ndipo gawo loposa 80 pa 100 lililonse lidasanduka phulusa. Asilikali a Germany kuno adagonja pa 11 Meyi 1945, ku Paris anthu atavina kale. N'chifukwa chake Saint-Nazaire alibe nyumba zakale. Misewu yake ndi yowongoka, nyumba za konkire za m'ma 1950.

Pa chakudya chamadzulo tinatsutsana. Ine ndinati mwina Tirpitz sikadabwera n'komwe: Hitler, atataya Bismarck, ankaopa kutulutsa zisitima zake, mafuta adali osowa, ndipo mu Febuluwale 1942 Ajeremani adali atachotsa kale zisitima zawo Scharnhorst ndi Gneisenau padoko la Brest ku France kubwerera nazo kwawo. Anthu 169 adafa ndipo 215 adagwidwa chifukwa cha mlendo yemwe mwina sadali m'njira.

"Alamu, inu mukuyankhula mutawerenga mabuku," anatero alamu. "Iwo aja m'mutu mwa Hitler adalibemo. Singapore idali itangogwa, nkhani zonse zidali zoluza. Ndipo Tirpitz idalowa pa Atlantic? Sidalowe."

Zoti sidalowe n'zoona. Idakhala ku Norway mpaka ndege za Lancaster zidaimiza pafupi ndi Tromsø pa 12 Novembala 1944, ndipo chidziwe chino sichidagwirenso ntchito mpaka patapita zaka nkhondo itatha. Pa za maboti a petulo, alamu sanawaikire kumbuyo akuluakulu awo ngakhale pang'ono.

Loweruka, La Baule

Kasitima kochoka ku Saint-Nazaire sikachedwa kufika ku La Baule, tauni ya mahotela ndi gombe lalitali la mchenga. Kuno ndi kumene Ajeremani adabweretsa akaidi ndi ovulala. Manda a Escoublac ali kunja pang'ono, pafupi ndi kabwalo ka ndege, pakati pa nyumba za anthu. Muli ziliza 325, zofanana zonse, kapinga wometedwa bwino. Amawasamalira ndi a Commonwealth War Graves Commission, omwewo amene amasamalira manda a asilikali ku Zomba. Chaka chomwechi cha 1942, anyamata a ku Nyasaland a King's African Rifles adali kumenya nkhondo yomweyi ku Madagascar.

Ziliza zambiri zili ndi deti la 17 Juni 1940. Awa ndi a Lancastria, sitima yomwe inkathawitsa asilikali ndi anthu wamba France ikugwa, ndipo ndege za Ajeremani zidaimiza kunja kwa Saint-Nazaire. Adafa anthu masauzande, ndipo Churchill adaletsa manyuzipepala kulemba. Mitembo idakokoledwa m'magombe onse a kuno kwa milungu. Mayi wina wa ku La Baule, Louise Jaouen, ndiye adasamalira manda amenewa nthawi yonse ya Ajeremani ndi ndalama zomwe anthu ankasonkha, ndipo nkhondo itatha Angerezi adamupatsa mendulo.

Kenako pamabwera mzere wa 28 Malichi 1942. Ajeremani adawaika m'manda mwaulemu wa chisilikali, akaidi ena alipo. Alamu ankafuna chiliza cha Sergeant Thomas Durrant, wa zaka 23, ndipo tinachipeza msanga chifukwa cha chizindikiro cha Victoria Cross. Durrant adali m'boti la ML 306, lomwe lidatuluka mumtsinje koma n'kukumana ndi Jaguar, sitima yankhondo ya Ajeremani. Kaputeni wa Jaguar adawaitana kuti agonje, Durrant n'kuyankha ndi mfuti yake ya Lewis, ndipo adapitiriza kuwombera atalasidwa malo ambirimbiri mpaka adakomoka. Kaputeni yemweyo ndiye adakafotokozera Newman kundende zomwe adaona, n'kunena kuti mnyamatayo ayenera nyota. Pa nyota zisanu za Victoria Cross za usiku umenewu, zinazo zidapita kwa Ryder, Newman, Savage ndi Beattie. Chikalata cha Beattie chimanena kuti nyotayo ndi yakenso ya amalinyero a Campbeltown omwe sadatchulidwe mayina, ambiri mwa iwo osabwerera. Ochuluka a iwowa muno mulibe, chifukwa mitembo yawo sidapezeke.

Beattie adatuluka m'ndende mu 1945, adapitiriza ntchito mpaka kukhala Captain, ndipo adamwalira ku Cornwall mu 1975. Belu la sitima ija lidali litachotsedwa isananyamuke. Mu 1950 adalipereka ku katauni ka Campbelltown m'chigawo cha Pennsylvania, pothokoza America. Anthu a kumeneko adalibwereketsa kwa HMS Campbeltown yatsopano, ya mtundu wa frigate, yomwe idagwira ntchito kuyambira 1989 mpaka 2011, ndipo itapuma belulo lidabwerera ku Pennsylvania. Ina mwa ma frigate atsopano a Type 31 omwe akupangidwa ku Rosyth ku Scotland idzatenganso dzinali.

Tabwerera ku Saint-Nazaire kukatenga zikwama. Mawa m'mawa tikwera sitima ya ku Nantes, ndipo alamu ayenera kukhala ali pa lole Lolemba kusanache.